Usiku umene nyale zinatsatira jekete

Nyimbo yachitatu ili pakati, woimba uja, thukuta lili kamukamu, anavula jekete n'kuiponyera kumbali kwa siteji. Anthu anakuwa mokondwa. Ine mtima unangoti myuu. Nyale zinayi zikuluzikulu zimene zinkamutsatira zinatembenuka nthawi imodzi n'kukaunikira jekete ija pamene inagwera, pafupi ndi ng'oma. Mwini wake, amene anthu analipira matikiti kuti adzamuone, anatsala mumdima akuimbabe.

Ndimagwira ntchito ya magetsi a pasiteji ku Johannesburg. Ndikauza abale kumudzi, ena amaganiza kuti ndimayika mawaya m'nyumba za anthu. Ayi ndithu. Malo anga ndi kumbuyo kwa holo, pa desiki yodzaza mabatani, ndipo kuwala kulikonse kumene mumaona pa chionetsero kumadutsa m'manja mwa munthu wokhala pamalo ngati amenewo.

Mwa nyale zonse, yovuta ndi ija yotsatira munthu, imene pantchito timaitchula follow spot. Si ya lero. M'zaka za m'ma 1800 ku London ankatenthetsa laimu ndi lawi la oxygen ndi hydrogen mpaka kuyera mbee, munthu n'kumalozetsa kuwalako kwa wosewera. Laimu anatha, koma munthu wogwira nyale anatsala. Pa zionetsero zazikulu ena amakwera pa zitsulo pamwamba pa siteji anthu asanalowe, atamangidwa lamba, ndipo satsika mpaka nyimbo yomaliza. Kutentha kwake musanene. Za kuchimbudzi umaziganizira usanakwere.

Amene anandiphunzitsa ntchitoyi ndi mkulu wina wa ku Ntcheu, amene ndimangomutchula kuti achimwene. Agwira nyale yotereyi kuyambira ine ndili kupulayimale. Makina otsatira munthu okha atabwera pa kampani yathu, iwo anangowayang'ana osalankhula. Tonse tinkadziwa masamu ake: pamene pankafunika anthu anayi, tsopano pafunika mmodzi kapena awiri. Ndalama ya achimwene ndi imene imalipira fizi ya ana atatu kumudzi.

Makinawa alipo a mitundu ingapo. A BlackTrax, ochokera ku Canada, amamuveka woimba timagetsi tating'ono ta infrared tosaoneka ndi maso, makamera ozungulira siteji n'kumatiwona. A zactrack, a ku Vienna, amagwiritsa kachipangizo kotumiza mafunde a wailesi, ndipo zolandirira zomangidwa m'makona zimayeza nthawi imene mafundewo atenga kuti afike. A Follow-Me, a ku Netherlands, sachotsa munthu: kamera imakhala m'mwamba, iye ali pansi pa mpando, kumatsatira woimbayo pa sikirini. Koma onsewa chimene amatulutsa n'chimodzi, manambala atatu onena kuti munthu ali pati: kumanja kapena kumanzere, kutsogolo kapena kumbuyo, ndi kutalika kwake kuchokera pansi.

Nkhani imakula pofuna kulumikiza manambala amenewa ndi desiki. Desiki imalankhula ndi nyale m'chinenero chotchedwa DMX512, chimene chinakhazikitsidwa mu 1986. Mzere umodzi umanyamula njira 512, iliyonse ndi nambala yochokera pa 0 kufika 255. Nyale imodzi yotembenuka yokha imadya njira zambirimbiri: ina yozungulira, ina yoweramira, ina ya mphamvu ya kuwala, ina ya mtundu, ina ya kukula kwa bwalo lake. Ndiye mukabweretsa makina otsatira, nyale ija yapeza mabwana awiri. Imvere uti?

Ena amaika kompyuta ya makinawo pakati pa desiki ndi nyale. Iyo imangolanda njira zotembenuzira, zina zonse n'kuzisiya zidutse monga desiki yanenera. Ena amatumiza manambala aja ku desiki yeniyeniyo kudzera pa netiweki, pogwiritsa PosiStageNet, njira imene inakonzedwa ndi kampani ya VYV ya ku Montreal pamodzi ndi MA Lighting ya ku Germany, eni ake a desiki za grandMA. Zikatero desiki imawerengera yokha kuti nyale iliyonse itembenuke bwanji. Ine ndimakonda yachiwiriyi, chifukwa chilichonse chimakhala pamaso panga, ndipo ndikafuna kulanda nyale ndimalanda pompopompo.

Njira iliyonse mungasankhe, tepi yoyezera simuithawa. Mumasankha kadontho kamodzi pasiteji kukhala poyambira, kenako makina ayenera kudziwa pamene nyale iliyonse yapachikidwa. Apa m'pamene achinyamata amatopa, n'kuyamba kungoyerekeza. Koma nyale yokhala pa mtunda wa mamita 20, ikangophonya ndi digiri imodzi yokha, kuwala kumagwa pafupifupi masentimita 35 kumbali. Nkhope ya munthu yatha kale pamenepo. Wina akangokweza chitsulo chopachikapo nyale pang'ono masana osakuuzani, madzulo mudzaona zodabwitsa. Palinso kusankha kuti kuwala kuzitsatira mofewa bwanji. Mukafewetsa kwambiri, wovina amathamanga kuwala n'kumabwera m'mbuyo ngati mwana wotopa. Mukapanda kufewetsa, kumanjenjemera ndi kagwedezeke kalikonse ka phewa.

Zonsezi tsiku limenelo tinachita bwinobwino. Tinayeza kawiri. Mabatire anali odzaza. Cholakwa chinali changa: kachipangizo ndinakaika m'thumba la jekete chifukwa m'mene munali mosavuta, ndipo sindinafunse ngati jeketeyo imavulidwa. Poyeserera masana sanaivule, kunali kozizira.

Chinatipulumutsa n'chakuti kumbuyo kwa holo tinasiyako nyale imodzi ya manja. Abwana ankafuna kuichotsa pa bajeti, koma inatsala poti inali itabwera kale m'galimoto. Ndisanatsegule n'komwe pakamwa, kuwala kwa achimwene kunali kale pankhope ya woimba uja. Anaona dzanja likupita ku batani la jekete, n'kudziwiratu. M'mahedifoni ndinangomva mawu ozizira bwino: "Mphwanga, zimitsa zakozo, munthu ndamugwira ine."

Ndinazimitsa zinayi zija. Sindikhulupirira kuti panadutsa masekondi oposa asanu, ngakhale kwa ine inali ngati ola. Anthu ambiri mwina anaganiza kuti zinakonzedwa dala.

Sindikufuna kuwanyoza makinawa, chifukwa amachita zimene dzanja silingathe. Nyale khumi zikhoza kutsatira munthu mmodzi kuchokera mbali zonse, kumbuyo komwe, kumene kale kunkafuna munthu wopachikika m'mwamba. Woimba akamatalikira, desiki ikhoza kuwonjezera mphamvu ndi kuchepetsa bwalo la kuwala kuti nkhope isasinthe pa kamera, ndipo kwa ife akhungu lakuda kusiyana kwake kumaoneka kwambiri. Komanso ine ndakhalapo pamwamba paja, miyendo ili lende, pansi pali mitu ya anthu. Mayi anga akanaona sakanagona tulo. Kutsitsa anthu pamenepo ndi chinthu chabwino, ndipo amene amakulirira kukwerako mwina sanakwerepo.

Chimene makina sadziwa n'chakuti akutsatira ndani. Amatsatira kachipangizo basi. Sadziwanso kuti mlaliki watsika kupita kwa anthu mwadzidzidzi, kapena kuti woimba akulira ndipo ndi bwino kumuchepetsera kuwala.

Kuchokera usiku umenewo timamuveka munthu tizipangizo tiwiri, kamodzi pa lamba pamodzi ndi kabokosi ka maikolofoni, poti chimenecho savula. Ndimakhala kaye pansi ndi wosamalira zovala n'kufunsa chimene chivulidwe, ndi pa nyimbo iti. Pa desiki ndinakonza batani limodzi lofiira limene limachotsa nyale zonse m'manja mwa makina n'kuzibwezera pamalo amene tinagwirizana.

Anzathu awiri amene ankagwira nyale za manja anasiya kuitanidwa, ndipo mmodzi pano amakoka mawaya pa malipiro ochepa. Achimwene anatsala. Mwezi wathawu anayamba kuphunzira kutsatira munthu pa sikirini, atakhala pa mpando, magalasi ali pamphuno. Amadandaula kuti kachogwirirako n'kopepuka ngati supuni, samva kulemera kwa nyale m'manja. Loweruka likubwerali tili ndi kwaya ya anthu 60 ndi oimba otsogolera atatu, ndipo andiuza kale kuti wachitatuyo, wokonda kudumphadumpha uja, ndiwasiyire iwo.