Musanagule nyumba ya lendi kudera lomwe simukulidziwa

Makolo ambiri a pasukulu yathu, makamaka amene ana awo akugwira ntchito ku Joni, akhala akutifunsa ngati n'kwanzeru kugula nyumba ya lendi ku Blantyre, ku Nchalo kapena ku Nsanje. Komiti ya mzikiti nayonso ili ndi ganizo lofuna nyumba ya wakfu yoti lendi yake izithandiza kulipira aphunzitsi a madrasa. Ganizoli ndi labwino, makamaka poona mmene kwacha ikuchepera mphamvu: inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndalama yongosungidwa imasungunuka, pomwe nyumba imakhalapo. Koma nyumba yogulidwa m'chimbulimbuli imatha kumeza thukuta la zaka khumi.

Choyamba, dziwani amene adzakhale m'nyumbamo ndiponso komwe malipiro awo amachokera. Ku Nchalo alendi ambiri amadalira kampani ya shuga ya Illovo, ndipo ena mwa iwo ndi aganyu a nyengo yodula nzimbe. Nyengoyo ikatha amabwerera kwawo, chipinda n'kukhala chopanda munthu. Pa boma la Chikwawa kapena la Nsanje mumapezeka aphunzitsi, anamwino ndi apolisi olandira mwezi ndi mwezi, koma amafuna nyumba ya magetsi ndi madzi, ndipo amasamutsidwa nthawi iliyonse. Musagule potengera lonjezo la chitukuko. Mu October 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegulira doko la Nsanje pamwambo waukulu, ndipo anthu ena anathamangira kukagula mapuloti poyembekezera mzinda watsopano. Mpaka lero sitima za katundu sizikocheza padokopo. Werengani alendi amene alipo lero, osati amene akuti adzabwera.

Chachiwiri ndi madzi. Ife a m'chigwa cha Shire tinaona madzi osefukira a January 2015, namondwe Idai mu March 2019, Ana mu January 2022 ndi Freddy mu March 2023. Puloti yooneka youma mu October ikhoza kukhala dambo mu February. Ngati n'kotheka, kaoneni malowo m'dzinja. Yang'anani mzere wa matope pazipupa za nyumba zoyandikana, ndipo funsani achikulire a pamalopo kuti madzi anafika pati. Musaganize kuti ku Blantyre kulibe vutoli: Freddy anagumula nyumba ndi kupha anthu ambiri ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche. Mlendo wogula kuno kwathu alawe madzi a pamjigo, chifukwa m'madera ambiri ndi amchere, ndiponso akumbukire kuti nyumba yaifupi ya malata opanda siling'i sikhalika m'nyengo yotentha.

Chachitatu, tsimikizani kuti wogulitsayo ndi mwini wake. Malo ena ndi a mafumu, ena ndi a lizi, ndipo malamulo a malo a 2016, omwe anasinthidwanso mu 2022, ali ndi ndondomeko yake pa mtundu uliwonse. Ngati pali lizi, kafufuzeni ku ofesi ya za malo ku Blantyre ngati dzina lili pachikalata ndi la wogulitsayo, komanso ngati nyumbayo sinaikidwe chikole ku banki. Ngati ndi malo a mafumu, pitani kwa nyakwawa ndi ku khonsolo musanapereke ndi tambala yomwe. Chenjerani ndi nyumba ya masiye: mwana mmodzi akagulitsa abale ake osadziwa, mlandu udzakupezani inu, ndipo pamaso pa Allah mudzakhala mutadya gawo la ana amasiye. Dobadoba amapeza yake pokhapokha malonda atheka, choncho mawu ake si umboni. Safunsa anadya phula.

Chachinayi, chitani masamu. Tiyerekeze kuti nyumba yagulidwa pa K12,000,000 ndipo lendi ndi K60,000 pamwezi. Pachaka ndi K720,000. Ikakhala miyezi iwiri yopanda munthu, patsala K600,000. Mukachotsa K100,000 yokonzetsera denga, chimbudzi ndi matabwa odyedwa ndi chiswe, patsala K500,000, musanalipire msonkho wa khonsolo ndi wa MRA. Pamenepo ndalama yanu idzabwerera patatha zaka 24. Ana a Fomu 3 ndi Fomu 4, masamu awa mungathe kuwachitira makolo anu madzulo amodzi.

Chipembedzo chathu chili ndi mawu pankhaniyi. Kubwereketsa nyumba polandira lendi, komwe m'mabuku a fiqhi kumatchedwa ijara, ndi halali. Koma kugula ndi ngongole ya katapira kapena ya chiwongoladzanja ndi riba, ndipo riba ndi haramu. Ndi bwino kuyamba ndi zipinda ziwiri zomwe mungakwanitse, kapena kusonkherana pachibale mutalemba gawo la aliyense. Chisilamu chimaletsanso gharar, kutanthauza malonda a chinthu chosadziwika bwino. Amene ali ku Johannesburg asakhutire ndi chithunzi cha pa WhatsApp. Atume munthu wodalirika akaponde pamalopo ndi kuona malire. Ayah yaitali kwambiri m'Qur'an, ya 282 mu Surah Al-Baqarah, imatilangiza kulemba ngongole ndi kuika mboni. Tiyeni titengerepo phunziro: mtengo, malire, tsiku lolipira lendi ndi amene azikonza zoonongeka, zonse zilembedwe, ngakhale mukuchita ndi m'bale wanu. Nyumba ya lendi payokha silipiridwa zakaat, koma lendi yosungidwa ikafika pa nisabu n'kutha chaka, timapereka 2.5 peresenti.

Chomaliza, nyumba yakutali imafuna maso. Sankhani woyang'anira, mugwirizane malipiro ake, lendi izitumizidwa pafoni kapena ku banki kuti pakhale umboni, ndipo inu muzikafikako kawiri kapena katatu pachaka. Mlendi akachedwa chifukwa cha matenda kapena maliro, mumpatse nthawi; nayenso ali ndi ufulu wake pa inu.

Amene ali ndi chikalata choti tiwathandize kuwerenga atipeze kusukulu kuno Lachisanu ikatha Swala ya Juma, asanasayine. Allah adalitse malonda athu ndi kuwayeretsa.