Tsiku limodzi pamsewu wa Zomba: kanyumba ka amtengatenga ndi kwawo kwa Chilembwe

Ambirife pa Njuli timangopadziwa ngati pamalo pomwe minibasi imaima pang'ono kondakitala n'kumakuwa "Zomba! Zomba!", ndiponso pomwe amaphwanya miyala ya kwale. Maso amakhala ali pafoni mpaka tikafike. Komatu mutatsika apa m'mawa Loweruka, muli ndi ndalama ya kabaza ndi botolo la madzi, dzuwa likamalowa mudzakhala mutaona zinthu zomwe anzanu opita kunyanja sanazionepo.

Yambani kulowera mbali ya ku Zomba. Pa Namaka, m'mbali mwenimweni mwa msewu, pali kanyumba kakang'ono komwe mwina mwakadutsapo kambirimbiri n'kumayesa ndi sitolo yotsekedwa. Imeneyo ndiyo Mtengatenga, nyumba yosungiramo zinthu zakale za positi. Inde, myuziyamu ya makalata basi.

Kale galimoto zisanachuluke, makalata a pakati pa Blantyre ndi Zomba, komwe kunali likulu la dziko mpaka 1975, ankayenda ndi anthu. Amtengatenga ankasenza thumba la makalata n'kuuyatsa wapansi, ndipo kanyumba aka n'komwe ankapumirako. Taganizani, mtunda wopitirira makilomita 60, mvula kapena dzuwa, kalata ya bwanamkubwa ili pamutu. Ife lero mauthenga a pa WhatsApp akangochedwa masekondi khumi tayamba kale kunyoza netiweki. Mukaima pakhomo pake, funsani kuti anthu amenewa anali ndani. Mayina a azungu omwe ankalemba makalatawo ali m'mabuku, koma a owanyamula ambiri anapita nawo kumanda. Kanyumbaka ndiye chipilala chawo, ndipo sikadzakutengerani ola lathunthu.

Mukafika pa Namadzi, funsani njira ya ku Magomero. Kumeneku n'komwe Bishopu Charles Mackenzie ndi anzake a mishoni ya UMCA anakhazikika mu 1861, atabwera ndi David Livingstone komanso anthu omwe anawamasula m'magoli a ukapolo. Sizinawayendere, Mackenzie anamwalira ndi malungo kumayambiriro kwa 1862 ndipo mishoni inasamuka. Patapita zaka, dera lomweli linasanduka esiteti ya A. L. Bruce, ya thonje ndi fodya, komwe anthu ankagwira thangata. Musayembekezere zikwangwani zowala kapena malo ogulitsa khofi. Kuno mbiri muimva kwa anthu, choncho perekani moni bwinobwino, ndipo musajambule munthu kapena manda musanapemphe.

Masana bwererani, mulunjike ku Mbombwe, ku PIM. Apa mpofunika kufatsa. Nkhope ya John Chilembwe mumaiona tsiku lililonse pa K500 ndi K2,000, ndipo pa 15 Januwale mumagona mpaka dzuwa litakwera chifukwa cha iye. Koma ndi angati mwa inu anapondako pomwe ankalalikira? Chilembwe anapita ku America mu 1897 ndi Joseph Booth, anaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, n'kubwera mu 1900 kudzayambitsa Providence Industrial Mission. Anatsegula masukulu, ndipo anamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira, ndipo ku Magomero kuja anapha William Jervis Livingstone, woyang'anira esiteti, yemwe ankadziwika ndi nkhanza komanso kuwotcha matchalitchi a PIM. Boma la atsamunda linabwezera moopsa. Tchalitchi chija anachiphulitsa, anthu ambiri ananyongedwa kapena kuwomberedwa, ndipo Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale.

Ndiye tchalitchi chachikulu chomwe mukachione lero si chija cha Chilembwe ayi. Chinamangidwa pambuyo poti Dr. Daniel Malikebu, mwana wasukulu wa pamishoni pomwepa yemwe anakaphunzira udokotala ku America, anabwera kudzatsegulanso mishoniyi mu 1926. Ine ndimaona kuti nkhani ya Malikebu sitiikamba mokwanira. Kubwerera pamalo pomwe boma linagumula ndi bomba, azungu akukuyang'ana ndi diso lofiira, n'kuyambanso kuumba njerwa, kumafunanso mtima.

Mukapite mutavala chipewa, ndikuuzeni chifukwa chake. M'masiku amenewo munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu. Koma pali chithunzi cha mu 1914 chomwe Chilembwe waima pafupi ndi mmishonale John Chorley, chipewa chili pamutu. Mmalawi wina waluso, Samson Kambalu, anatenga chithunzi chimenechi n'kupanga chiboliboli chotchedwa Antelope, chomwe chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022, Chilembwe ali wamtali kuposa mzunguyo. Alendo a mayiko onse anajambulitsa pansi pake, pomwe ife a pa Limbe pompa Mbombwe timangomumva pawailesi.

Kumbukirani kuti PIM ndi mpingo wamoyo, si malo ongoonerera. Kaonekereni kaye kuofesi, valani modzilemekeza, ndipo mukapeza mapemphero ali mkati foni ikhale m'thumba. Za mtengo wa kabaza mugwirizane musanakwere, ndipo ngati ndi nyengo ya dzinja nyamukani msanga, chifukwa mitambo ikaunjikana paphiri la Chiradzulu njira zafumbi sizichedwa kuterera.