Kukwera, kutsika ndi kudya: zodabwitsa 9 pa ulendo wa njinga yamoto wopita n'kubwera tsiku lomwelo

Ambirife njinga yamoto timaidziwa ngati kabaza basi: kukwera pa siteji, kupemphera chamumtima, kutsika pamsika. Koma alipo ena amene Loweruka m'mamawa amathira mafuta, kuvala chipewa, n'kuuyamba ulendo popanda maliro kapena chinkhoswe chowaitana. Anthu amati akungowononga mafuta. Ine ndimawaikira kumbuyo. Dziko lathu ndi lopapatiza, koma lili ndi zitunda ndi zigwa zoti munthu wopanikizidwa m'minibasi, pakati pa thumba la chimanga ndi zenera losatseguka, sangazimve. Wa panjinga amazimva pakhungu, m'makutu ndi m'mimba momwe, chifukwa chakudya cha m'mbali mwa msewu chimasintha malinga ndi kukwera kapena kutsika kwa malo.

1. Pa Khwekhwelere mumasintha nyengo ola lisanathe

Tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, pomwe madzi a nyanja ya Malawi ali pa mamita pafupifupi 475. Gawo lalikulu la kusiyanaku mumalitsika pa msewu umodzi wokhotakhota wa Khwekhwelere, umene umapatuka pa M1 pa Masasa n'kukagwera ku Golomoti. Mpweya umatentherako ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono pa mamita 1,000 alionse amene mwatsika. Ndiye munthu amanyamuka pamwamba zala zitauma ndi chisanu, pofika pansi jekete ija yasanduka mdani.

Yang'anani zogulitsa. Pamwamba ndi mbatatesi, kabichi ndi mapichesi. Pakati pa makona pali amisiri osema timagalimoto, tinjinga ndi tindege tamitengo, mawilo ake ozungulira ndithu. Pansi mitengo ya malambe yayamba, ndipo fungo la nsomba zouma likukulonjerani musanaione nyanja.

Wochokera ku Lilongwe angathe kupanga mkombero wa makilomita opitirira 300: kumwa khofi ndi keke ya tchizi ku Dedza Pottery, malo amene anatsegulidwa mu 1987, kutsika Khwekhwelere, kukhotera kumpoto pa M5, n'kubwerera kudzera ku Salima. Asadutse pa Mua ngati sakuona. Mishoni imeneyi anaiyamba ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher a ku Canada anakhazikitsapo malo a zachikhalidwe a Kungoni. M'nyumba yake yosungiramo zakale ya Chamare muli nkhope za gule wamkulu mazanamazana. Ndi chinthu chodabwitsa pachokha kuti nkhokwe yaikulu chotere ya gule ili pabwalo la tchalitchi.

2. Pa Lizulu mungadye nkhomaliro m'mayiko awiri

Pakati pa Dedza ndi Ntcheu, msewu wa M1 umayenda m'malire enieni a Malawi ndi Mozambique. Pa Lizulu mukaimika njinga kuno n'kuwoloka tala kukagula tomato tsidya linalo, mwalowa m'boma la Angónia, chigawo cha Tete, popanda chidindo cha pasipoti. Chilankhulo ndi chimodzimodzi, mitundu ndi yomweyo, maukwati amawoloka msewu tsiku ndi tsiku.

Tchipisi cha pachiwaya cha kuno chili ndi mwayi umene cha m'tauni chilibe: mbatatesi yake yakumbidwa chapafupi pomwepa, sinagone masiku m'lole. Uzani wokazingayo aumitse pang'ono, athire kabichi ndi kambuzi. Koma polowa pamsikawu chepetsani liwiro ndithu. Anthu, mbuzi ndi ngolo amaona ngati msewuwo ndi bwalo la pakhomo pawo, ndipo sakulakwa kwenikweni.

3. Mtsetse ndi woopsa kuposa chitunda

Kuchoka ku Blantyre kupita ku Chikwawa ndi makilomita 50 okha kapena kuchepera, koma mumatsika kuchoka pa mamita opitirira 1,000 kufika pafupifupi 100. Pa makona ena chigwa chonse cha Shire chimatseguka pamaso panu, mtsinje ukunyezimira pakati, moti munthu amaiwala kuti ali pa mawilo awiri.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Mukakanikiza buleki osalekeza kwa mphindi zingapo, imatentha ndipo mphamvu yake yogwira imachepa. Pa njinga za mabuleki a mafuta, mafutawo akatentha kwambiri chogwirira chimangofewa m'manja. Mankhwala ake ndi kutsika pa giya yaing'ono kuti injini izigwira njingayo, buleki n'kumangothandizira. Anyamata ena a kabaza amachita zosiyana kwenikweni: amazimitsa injini n'kumatsetsereka kuti apulumutse mafuta. Mafuta amene amapulumukawo sangadzaze kapu, koma njinga yatsala pa mabuleki okha, ndipo ikafunika mphamvu yothawira lole imene yadya kona, palibe.

Mukawoloka mlatho wa Kamuzu, pa Dyeratu pali kanyenya wa mbuzi amene oyendetsa malole a shuga a ku Nchalo amamudziwa bwino. Idyani pamene pali mzere wa anthu, chifukwa pamenepo nyama sikhalitsa. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa kuno kumapitirira madigiri 40, choncho ulendowu ndi wa m'mawa. Chakumtunda kwa mtsinje wa Shire kuli mathithi a Kapichira, amene anaimitsa sitima ya David Livingstone mu 1859.

4. Makona a msewu wa Gorodi ali ndi manambala

Kuchoka pa Chitimba m'mbali mwa nyanja kukafika ku Livingstonia ndi makilomita pafupifupi 15, koma muli makona 20 obwerera m'mbuyo, ndipo anachita kuwalemba manambala. Msewuwu ndi wa miyala ndi dothi, ndipo mbali imodzi ndi phompho. Si wophunzirirapo njinga, ndipo nthawi ya mvula ndi bwino kudzera njira ya ku Njakwa.

N'chifukwa chiyani anthu anavutika kusema msewu pamalo otere? Malungo. Amishoni a ku Scotland anayamba ku Cape Maclear mu 1875, anzawo n'kumafa. Anasamukira ku Bandawe mu 1881, imfa n'kuwatsatira. Mu 1894 Dr Robert Laws anasankha phiri la Khondowe, kumtunda kozizira, pamene pali Livingstonia lero. Kona iliyonse imene mukulimbana nayo ndi chikumbutso cha anthu othawa manda a m'mbali mwa nyanja. Chapamwamba pali mathithi a Manchewe, otalika mamita pafupifupi 125, ndipo chapafupi pali malo ogona a Lukwe ndi Mushroom Farm, kumene mungamwe khofi mapazi ali m'mphepete mwa phompho. Koma ine nkhomaliro ndikanadyera pansi: kondowole ndi usipa wauwisi, zimene anthu a kunyanja sasowa kuzikongoletsa.

5. Ku Zomba ana amagulitsa zipatso za ku Ulaya pamsewu

Msewu wokwera phiri la Zomba ndi waufupi, wa tala, ndipo wochokera ku Blantyre, makilomita pafupifupi 65, angapite n'kubwerako asanatope. Kale kunali msewu wokwerera ndi wina wotsikira, uliwonse woyenda mbali imodzi. Pa makona mumakumana ndi ana atanyamula timbale ta sitiroberi, rasipiberi ndi mabulosi, zipatso zokonda malo ozizira zimene m'sitolo za m'tauni mtengo wake umakutembenuzani. Tsukani musanadye.

Pamwamba pali malo awiri oonerapo dziko amene maina awo anachokera kwa alendo achifumu: Queen's View, pokumbukira mayi wa Mfumukazi Elizabeth amene anabwera mu 1957, ndi Emperor's View, pokumbukira Haile Selassie wa ku Ethiopia amene anafika mu 1965. Kukacha bwino nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje zimaoneka. Misewu yopita kumeneko ndi yadothi ndipo singano za paini zimaterera. Amene njinga yake ndi ya pa tala angoima pa hotela ya Ku Chawe n'kumwa tiyi pakhonde.

6. Nthochi imene mwagula ku Thyolo mwina si ya ku Thyolo

Amene anakula m'zaka za m'ma 1980 amakumbukira kuti kunena Thyolo kunali kunena nthochi. Malole ankatuluka ku Thekerani ndi Molere atasenza mikoko mpaka pamwamba. Kenako matenda a chisaka, ofalitsidwa ndi nsabwe za zomera komanso mphukira zodwala, anapulula minda. Nthochi yogwidwa imafupika, masamba n'kuunjikana pamwamba, osabalanso, ndipo sichira: imafunika kuzulidwa. Zotsatira zake n'zakuti nthochi zambiri za m'misika yathu zinayamba kuchokera ku Mozambique ndi Tanzania. Alimi ayambiranso ndi mbewu zopanda matenda, koma mbiri ija sinabwerere yonse.

Tiyi ndiye sanasunthe. Msewu wa M2 umadutsa m'minda yobiriwira chaka chonse, ndipo ku Satemwa, esiteti imene inayamba mu 1923, amalandira alendo olawa tiyi. Pitirirani mpaka ku Mulanje, pansi pa Sapitwa wa mamita 3,002, mukagule chinanazi choti akusendereni pomwepo. M'chikwama musaiwale chovala cha mvula, ngakhale mu Juni. Chiperoni sichiona kalendala ya mlimi, ndipo chikagwa pa tala wokhala ndi matope a mathirakitala, njinga imavina.

7. Mbewa ndi mawonekedwe abwino a dziko sizigwirizana

Miyezi yotsatira kukolola, m'misewu ya Lilongwe–Salima ndi Lilongwe–Blantyre anyamata amaimika mipani m'mwamba galimoto ikamabwera. Ndi mbewa, zowiritsa ndi mchere n'kuziumitsa, ndipo odziwa amafunsa ngati pali kapuku. Ena amatembenuza nkhope, ena amaimika Prado. Sindilowerera.

Chimene woyenda ayenera kudziwa n'chakuti kusaka mbewa kumayendera limodzi ndi kutentha tchire. Pofika Seputembala ndi Okutobala utsi ndi fumbi zadzaza m'mlengalenga, mapiri akutali asowa, ndipo pamalo ena moto wafika m'mphepete mwa tala. Ambiri amaganiza kuti nyengo yabwino yoyenda ndi chilimwe chifukwa kulibe mvula. Ayi. Ndi Epulo, Meyi ndi Juni, mvula itangotsuka mpweya, udzu ukadali wobiriwira, misewu yauma, chimanga chachiwisi chootcha chikadapezeka.

8. Utsi wa panyanja si utsi

Pa M5, kapena mukamatsika Chiweta, nthawi zina mumaona mizati yakuda itaima pamadzi ngati kuti sitima ikupsa. Ndi nkhungu, tizilombo touluka mabiliyoni timene timakulira m'madzi n'kutuluka nthawi imodzi. Mphepo ikatikankhira kumtunda, amayi amatikola ndi malichero n'kuumba timikate ta ndiwo. Wa panjinga amene chipewa chake chilibe galasi amadya nawo asanapemphe. Nyanja yomweyi pamalo ake ozama kwambiri imafika mamita pafupifupi 700, kutanthauza kuti pansi pake ndi potsika kuposa mulingo wa nyanja yamchere.

Pa mlatho wa Chia, kummwera kwa Nkhotakota, pali msika wa nsomba. Agalimoto amamangirira chambo pagalasi loonera kumbuyo kuti chizipitidwa mphepo. Pa njinga musayese kuika nsomba yaiwisi m'chikwama cha kumsana kwa maola atatu: idyani yootcha pomwepo, yotengera kunyumba ikhale youma. Kuyambira mu Novembala boma limaletsa makoka ena kuti chambo chiswane, ndiye wokugulitsani tichambo ting'onoting'ono nthawi imeneyo akukugulitsani ndiwo za chaka chamawa. Ndipo miyezi yozizira samalani ndi mwera: pamalo opanda mitengo umakankha njinga chammbali mosachenjeza.

Za chakumwa: fakitale yoyamba ya Carlsberg kunja kwa Denmark inatsegulidwa ku Blantyre mu 1968, ndipo botolo lobiriwiralo mulipeza ngakhale pa golosale ya kumudzi. Pa mawilo awiri lidikire madzulo. Thobwa ndiye mnzake wa woyenda, chifukwa amathetsa ludzu ndi njala nthawi imodzi. Ingolawani kaye, popeza wogonetsa masiku amayamba kulankhula zina.

9. Nkhalango ya Chikangawa inadzalidwira fakitale imene sinamangidwe

Pakati pa Mzimba ndi Mzuzu, M1 imakwera mapiri a Viphya n'kudutsa m'nkhalango yodzala ya mahekitala pafupifupi 53,000, imodzi mwa zikuluzikulu mu Africa. Paini wambiri anadzalidwa kuti adzadyetse fakitale yopanga zipangizo za mapepala, koma fakitaleyo inathera m'mapulani. Mitengo inakula, ocheka matabwa anabwera, moto unabwera, ndipo lero mbali zambiri ndi zitsa ndi mitengo yaing'ono. Chowawa chake n'chakuti kudulako kwatsegula maso: mapiri ndi miyala ikuluikulu, monga uja wooneka ngati njovu, tsopano zimaonekera kutali.

Msewuwu uli ndi makona otambasuka amene woyendetsa njinga aliyense amawalota. Ulinso ndi chifunga chimene chimabisa lole ya matabwa mpaka mutaifika, ndi kuzizira kolowa m'mafupa ngakhale masana. Midzi ndi yotalikirana, choncho thirani mafuta okwanira pa Jenda kapena ku Mzuzu, osadalira a m'zigubu amene simudziwa chimene asakanizamo. Nthawi ya mvula amayi amaima m'mbali ndi mabeseni a bowa wa m'tchire. Gulani kwa iwo, musakazule nokha, chifukwa wakupha ndi wodyedwa amafanana. Otsala ndi mphamvu atsikire ku Nkhata Bay, makilomita osakwana 50 kuchoka ku Mzuzu, n'kupitirira chakummwera pa M5 kudutsa m'minda ya raba ya Vizara, kumene anyamata amagulitsa mipira yokulunga ndi raba weniweni wa m'mitengo yomweyo. Imadumpha kuposa ya m'sitolo, ndipo waung'ono umakwana m'thumba la jekete.