MASEWERA A JAMAICA: KUTHAMANGA SIKUFIKA

Ambiri a ife tikamva za masewera a madayisi timaganiza za ludo, momwe woyamba kulowetsa ana ake onse m'nyumba ndiye wapambana. Koma alipo masewera ena otchedwa Jamaica amene lamulo lake ndi lina. M'masewera amenewa munthu ukhoza kufika woyamba koma osapambana.

Masewerawa adatuluka m'chaka cha 2007 ku Switzerland, ndipo adawapeka ndi anthu atatu: Malcolm Braff, Bruno Cathala ndi Sébastien Pauchon. Nkhani yake ndi ya achifwamba a panyanja amene kale ankalanda katundu wa zombo m'nyanja ya Caribbean. Mmodzi wa iwo, Henry Morgan wa ku Wales, adadzakhala wachiwiri kwa bwanamkubwa wa chilumba cha Jamaica, komwe adamwalirira mu 1688. Opeka masewerawa adangoyerekeza kuti achifwamba akuchita mpikisano wa zombo pomukumbukira. Mpikisanowo umayambira pa doko la Port Royal, kuzungulira chilumba chonse, ndi kudzathera pomwepo.

Amasewera anthu awiri mpaka asanu ndi mmodzi. Aliyense amapatsidwa chombo chokhala ndi zipinda zisanu zosungiramo katundu, ndiponso makadi 11, koma m'manja amagwira atatu okha. Katundu alipo wa mitundu itatu: chakudya, ndalama za golide ndi wonga wa mfuti. Poyamba aliyense amakhala ndi chakudya chitatu ndi ndalama zitatu.

Ndime iliyonse ili ngati tsiku limodzi. Amene ali kaputeni tsikulo amaponya madayisi awiri, nasankha kuti liti likhale la m'mawa, liti la madzulo. Khadi lililonse lili ndi zizindikiro ziwiri: cha kumanzere ndi ntchito ya m'mawa, cha kumanja ndi ya madzulo. Ntchitozo ndi kupita kutsogolo, kubwerera m'mbuyo, kapena kupakira katundu. Onse amasankha khadi mobisa, kenaka amaulula mmodzimmodzi kuyambira kaputeni.

Tiyerekeze kuti dayisi la m'mawa ndi 5 ndipo la madzulo ndi 2. Mukaponya khadi loti m'mawa muyende, madzulo mupakire chakudya, chombo chanu chiyenda malo asanu, kenaka mulandira chakudya chiwiri. Vuto ndi lakuti pamene mwaima pamafuna malipiro nthawi yomweyo, chakudya cha madzulo chija chisanafike. Pa doko mumalipira golide, pakati pa nyanja mumalipira chakudya. Mukalephera kulipira, chombo chimabwezedwa m'mbuyo. Malo aulere ndi mapanga a achifwamba okha, ndipo woyamba kuimapo amatola khadi la chuma.

Zipinda zisanu zija ndizo zimazunguza mutu. Katundu watsopano amalowa m'chipinda chopanda kanthu basi. Ngati zonse ndi zodzaza, muyenera kutayira m'nyanja katundu wa chipinda chimodzi. Choncho munthu wadyera amene wadzaza golide paliponse amasowa poika chakudya, ndipo ulendo wake umaima. Paja akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada.

Nanga wonga ndi wa chiyani? Chombo chanu chikaima pamene pali china, nkhondo yabuka. Woputayo amanena wonga umene apereke, naponya dayisi la nkhondo lomwe lili ndi manambala 2, 4, 6, 8 ndi 10 ndiponso nyenyezi. Mnzakeyo amachitanso chimodzimodzi. Aliyense amaphatikiza wonga ndi nambala yake, ndipo wochulukitsa ndiye wagonjetsa mnzake. Koma woponya nyenyezi amapambana pompo. Wonga woperekedwa subwerera, ngakhale kwa wopambana. Mphotho yake ndi kulanda katundu wa chipinda chimodzi cha mnzakeyo, kapena khadi lake limodzi la chuma.

Si chuma chonse chabwino. Makadi ena amawonjezera mapointi, ena amapatsa mphamvu monga chipinda chachisanu ndi chimodzi, koma atatu ndi otembereredwa ndipo amachotsa mapointi. Popeza makadi a mapointi amakhala ovundikira, mukhoza kulanda tsoka la mnzanu mukuyesa mwalemera. Wopambana nkhondo alinso ndi ufulu wokankhira khadi lake lotembereredwa kwa wogonjayo.

Chombo chimodzi chikafika pa Port Royal, tsikulo limamalizidwa ndipo masewera atha. Aliyense amawerenga nambala ya pamene waima, kuwonjezerapo ndalama zake ndi chuma chake. Wofika amalandira mapointi 15, pamene wotsalira kutali kwambiri amamuchotsera 5. Tsono taonani: wofika ali ndi ndalama ziwiri ndi khadi lochotsa 4 apeza 13. Mnzake amene waima pa malo a mapointi 8, ali ndi ndalama zisanu ndi imodzi ndi chuma cha 7, apeza 21. Wapambana ndi wachiwiriyu.

Choncho anzanga, mukadzapeza mwayi wosewera Jamaica, musadzangoyang'ana kutsogolo kwa chombo. Musanaponye khadi, werengani pamene mukaime, onani ngati muli nacho cholipira, ndipo suzumiraninso wonga wa anzanu amene ali pafupi.