Msewu wa MASAF ukutha tikuonerera

Mvula ya sabata yatha itakokolola kanjira kopita kuminda ya mpunga kuno ku Limphasa, amayi anangopukusa mutu: "Msewu umenewu tinaulima ndife ndi makasu, nthawi ya MASAF." Ambirife dzinali timangolimva, ndiye ndifotokozeko.

MASAF inayamba mu 1995, nthawi ya a Bakili Muluzi, ndi ndalama zochokera ku World Bank. Inkagwira ntchito pawiri. Pomanga midadada ya sukulu, mudzi unkasonkha njerwa ndi mchenga, pulojekiti n'kugula simenti ndi malata. Pa misewu yadothi, madamu ndi kubzala mitengo, anthu ovutika ankalembedwa ganyu n'kulandira kangachepe kogulira chimanga.

Midadada yambiri ilipobe, ana akuphunziramo. Koma msewu wadothi moyo wake ndi ngalande. Zikatsekeka, madzi amadutsa pakati n'kuyamba kuudya. Ndipo pulojekiti ikatseka mabuku, kusamala kumatsalira mudzi ndi khonsolo.

Ndiye anzanga, mpunga wa chaka chino ukafika bwanji pa M5? Komiti ya VDC ikaitana msonkhano, tisamangolemba pa Facebook. Tipiteko, khasu lili paphewa.