Galu pa ulendo wa ku nyanja

Loweruka lililonse la mwezi wa Okutobala, msewu wa M14 wochoka ku Lilongwe kupita ku Salima umadzaza ndi mabanja othawira ku Senga Bay. M'galimoto zina, pakati pa ana ndi zikwama, mumaoneka mutu wa galu. Agalu ena amakhala kumbuyo kwa pikapu, atamangidwa chingwe m'khosi, dzuwa likuwawomba pamsana. Amenewa ndi amene amafika ali lefulefu, ena safika n'komwe.

Choopsa chachikulu pa ulendowu ndi kutentha. Lilongwe ili pamtunda wopitirira mamita 1,000, pomwe nyanja ili pansi pa mamita 500, choncho galimoto ikamatsetsereka, mpweya umanka nutentha. Munthu amatuluka thukuta thupi lonse n'kuzizidwa. Galu alibe mwayi umenewo. Iye amadziziziritsa popuma wefuwefu lilime lili panja, ndipo mpweya ukatentha kwambiri, njirayo imalephera. Agalu amphuno zazifupi monga pug ndi bulldog, amene anthu am'tauni ayamba kuwakonda, ndiwo amafooka msanga. Chitsulo cha pansi pa pikapu masana chimawotcha mapazi, ndipo dalaivala akaponda buleki mwadzidzidzi, chingwe chija chimasanduka khwekhwe. Kumusiya m'galimoto yotseka "kwa mphindi zochepa" pogula nsomba kapena chipisi n'kumuika mu uvuni, ngakhale zenera litatsegulidwa pang'ono.

Galu wotenthedwa amachucha dovu, nkhama zake zimafiira kwambiri, amadzandira, mwina kusanza. Zikatero imani pamthunzi, mumuthire madzi ozizira thupi lonse, makamaka kumimba ndi m'mphechepeche, mumupatse akumwa pang'onopang'ono, kenaka muthamangire naye kwa dokotala wa ziweto ngakhale aoneke kuti watsitsimuka, chifukwa impso zimatha kuwonongeka mwakachetechete.

Malo ake oyenera ndi m'bokosi lolowa mpweya, loti angathe kuimirira ndi kutembenuka, lomangidwa bwino kumpando wakumbuyo. Asadye chakudya chambiri ulendo uli pafupi, apo ayi mudzatsuka masanzi musanafike ndi theka la njira. Nyamukani m'mamawa, ndipo pakatha maola awiri alionse atsike, ali pa chingwe, amwe madzi ndi kudzithandiza. Galu amene sanakwerepo galimoto ayambe wazolowera maulendo afupiafupi.

Chinthu china chimene ambiri amasiya m'kabati ndi khadi la katemera wa chiwewe. Bungwe la World Health Organization limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amawatenga kwa agalu. Kuno si nkhani yakutali. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies lidabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 mumzinda wa Blantyre, madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth atadandaula za ana omwalira ndi chiwewe. Galu wanu akaluma mwana wa eni pagombe, funso loyamba lidzakhala la khadi limenelo, ndipo kulumbira kuti "adabayitsa ndithu" sikudzakhazika mtima wa kholo pansi. Nayenso galuyo akalumana ndi agalu oyendayenda a kumeneko, katemerayo ndiye chitetezo chake.

Kunyanjako kuli zakezake. Mumchenga wachinyezi wa pamthunzi ntchentche zina zimaikira mazira, ndipo patapita masiku galu amatuluka zotupa zokhala ndi mphutsi mkati. Nkhupakupa za m'tchire zimabweretsa malungo amene amamaliza magazi. Kufupi ndi nkhalango ya Nkhotakota kuli kashembe, amene amapatsira agalu matenda oopsa. Ndiye pali ng'ona: pafupi ndi mabango ndi pamene mitsinje imathira m'nyanja, galu wosambira madzulo ndi nyama yosavuta. Funsani asodzi a pamalopo, amadziwa pamene pali poipa. Ofuna kupitirira kukaona njovu ku Liwonde adziwiretu kuti kumalo osungirako nyama zakutchire galu saloledwa, ndipo si malo ogona alendo onse amene amamulandira.

Otuluka naye m'dziko ali ndi ntchito yaikulu kuposa apa. Pamafunika chikalata cha zaumoyo chochokera kwa madokotala a ziweto a boma, komanso kukwaniritsa malamulo a dziko lomwe akupitalo. Britain imafuna kuti galu wochokera ku Malawi aikidwe kaye microchip, abayidwe katemera wa chiwewe, ayezedwe magazi patatha masiku osachepera 30, kenaka adikire miyezi 3 kuchokera tsiku lomwe magaziwo adatengedwa. Wopeza ntchito ku London mu Juni, n'kuyamba kuganiza za galu sabata yonyamuka, adzakwera ndege yekha, galu n'kutsala kwa achibale mpaka cha mu Okutobala.