Propshafiti ya Galimoto ndi Nchito ya Amakanika

Nthawi ya chuthi ikafika, anthu ambiri ogwira nchito m'migodi ya ku Kitwe, Mufulira ndi Chingola amanyamuka kukaona makolo ndi minda kwao. Ena a iwo anasunga ndalama zaka zambiri nagula galimoto yokoka ndi magudumu onse anai, monga Land Rover, Toyota Hilux kapena Land Cruiser, podziwa kuti tala athera pa mseu waukuru, ndipo njira yolowera kumudzi, kaya ku Petauke kaya ku Lundazi, ndi ya mcenga, miyala ndi mitsinje. Pansi pa galimoto yotere pali citsulo cimene mwini wace saciganizira kufikira tsiku limene cithyoka. Amakanika acicha propshafiti. Citsuloci sicithyoka modzidzimutsa. Ciyamba cacenjeza masiku ambiri, ndipo munthu wodziwa kumva cenjezolo, ndi kuyang'ana nchito ya makanika asanalipire, apulumutsa ndalama zace ndi moyo wa banja lace.

Nchito yace ndi yotani?

Mphamvu ya injini ilowa m'giyabokosi, nipitirira m'bokosi lina logawa mphamvu, lochedwa transfer box. Kucokera m'bokosi limeneli muturuka mapropshafiti awiri: ina ipita ku difu ya kumbuyo, ina ku difu ya kutsogolo. Iri yonse ndi paipi ya citsulo yopanda kanthu m'kati. Popeza magudumu akwera ndi kutsika m'maenje pamene giyabokosi iri duu pamalo pace, paipiyo iyenera kupindika ndi kutalika ikali kuzungulira. Cifukwa cace ku nsonga zace kuli mfundo zochedwa universal joint, ndipo pakati pali mano aatali olowana, amene ailola kutalika ndi kufupika.

Mfundo iri yonse ndi mtanda wa citsulo wa mikono inai. Mkono uli wonse ubvala kacikho, ndipo m'kacikhomo muli tizitsulo tonga singano tosambira m'girizi. Clarence Spicer wa ku America anayamba kupanga mfundo zotere za magalimoto m'caka ca 1904, pa nthawi imene magalimoto ambiri anali kukoka ndi cheni monga njinga. Pa Land Rover Defender yakale propshafiti izungulira katatu ndi theka kuti gudumu lizungulire kamodzi. Cotero pa liwiro la makilomita 80 pa ora izungulira pafupifupi ka 1,900 pa mphindi imodzi. Pa liwiro lotere colakwa cacing'ono cisanduka cacikuru.

Zimene ziononga mfundo

Mdani woyamba ndi madzi. M'nyengo ya dzinja, galimoto ikaoloka mitsinje ndi madambo, madzi ndi matope zilowa m'tizikho ndi kuononga girizi. Singano ziuma, nizicita dzimbiri, nizisweka. Mankhwala ace ndi kupopera girizi watsopano pa timibulu ta mfundo mpaka wakale aturuke ku tizikho tonse tinai, makamaka pobwera ku ulendo wa m'madzi.

Mdani waciwiri ndi dalaivala mwini. Pa Land Cruiser 70, pa ma Hilux ambiri ndi pa ma Land Rover akale a Series, magudumu onse anai ayenera kukoka pa dothi pokha. Pokhota, magudumu a kutsogolo ayenda njira yaitali koposa a kumbuyo. Pa mcenga aterereka pang'ono ndipo palibe bvuto, koma pa tala sangathe kuterereka, ndipo mapropshafiti apotana monga cingwe kufikira cina cithyoke. Kukweza galimoto ndi masipuling'i aatali kuononganso mfundo, pakuti zigwira nchito zitapindika kopambana muyeso.

Magalimoto ena ali ndi kufooka kwao kwa cibadwa. Land Rover Discovery ya mtundu waciwiri, imene inapangidwa kuyambira 1998 kufikira 2004, inaturuka m'fakitale ndi mfundo ziwiri zophatikana pa propshafiti ya kutsogolo, zopanda popopera girizi. Zikauma ndi kuthyoka, citsulo cimenya giyabokosi ndipo nthawi zina ciiboola.

Cenjezo

Mfundo youma ilira ngati kambalame galimoto ikamayenda pang'onopang'ono. Yotha imveka kuti "gu" ponyamuka, kapena posintha kucokera ku giya yopita patsogolo kulowa ya m'mbuyo. Pambuyo pace pansi pa mpando payamba kunjenjemera, ndipo kunjenjemerako kukula pamodzi ndi liwiro. Fumbi lofiira la dzimbiri m'mbali mwa tizikho lisonyeza kuti girizi anatha kale.

Mwini galimoto angathe kuyesa yekha. Aimike galimoto pamalo osatsetsereka, azime injini, aike miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa magudumu, acotse m'giya, kenaka agwire paipiyo ndi manja awiri ndi kuigwedeza. Mfundo yabwino sigwedera konse. Miyalayo asaiiwale, pakuti pa Land Rover Series ndi Defender yakale bureki ya pamanja sigwira magudumu koma igwira pa transfer box, ndipo propshafiti ya kumbuyo ikacoka bureki imeneyi sigwiranso magudumu a kumbuyo.

Wonyozera cenjezo aika moyo paciswe. Mfundo ikaduka pa liwiro, paipi imenya pansi pa galimoto, nidula mapaipi a bureki kapena kuboola thanki. Nsonga yace ikazika mu mseu ingathe kugubuduza galimoto.

Zolakwa za m'garaji

Amakanika ambiri ndi anthu a luso ndi oona mtima, koma alipo ena ofulumira, ndipo zolakwa zao zidziwika.

Coyamba ndi kubwezera magawo awiri a propshafiti mosiyana ndi m'mene anakhalira. Mfundo yopindika siizungulira mofanana: ifulumira ndi kucedwa kawiri pa kuzungulira kumodzi, ndipo mfundo ya ku nsonga ina ndiyo ibweza kusiyanaku. Makanika akaphonya dzino limodzi kapena awiri, galimoto ituruka m'garaji ikunjenjemera koposa m'mene inalowera. Pa magalimoto ambiri mfundo ziwirizo zikhala pa mzere umodzi, koma pa propshafiti ya kutsogolo ya Defender yakale opanga anazisiyanitsa dala. Cotero wanzeru ayamba waika cizindikiro ca utoto asanamasule, natsata buku la galimotoyo.

Caciwiri ndi nyundo. Tizikho tiyenera kukanikizidwa bwinobwino ndi vaisi. Tikamenyedwa mwankhanza, singano imodzi igwa ndi kugona pansi pa kacikho, ndipo kamphete kochedwa circlip sikalowa m'ngalande yace. Ena akaona kuti kamphete kakana, aocherera kacikhoko ndi moto, ndipo motowo uphika girizi ndi kufoketsa citsulo.

Cacitatu ndi kudula ndi kuocherera paipi popanda kuiyesa pa makina olinganiza kulemera kwace. Tizitsulo tathyathyathya tomatidwa pa paipi si zokongoletsa ai. Tinaikidwa kuti paipi izungulire mosagwedezeka.

Cacinai ndi mabauti. A propshafiti ndi a citsulo colimba, ndipo manati ace ndi odzimanga okha. Nati yakale yotha mphamvu, kapena bauti wamba wotoledwa m'citini, zimasuka m'njira.

Cacisanu ndi cinyengo ceniceni: kutsuka mfundo yakale, kuipaka utoto, ndi kulipiritsa mtengo wa yatsopano.

Kudziteteza

Akuru anati safunsa anadya phula. Mwini galimoto apangane ndi makanika za mtengo nchito isanayambe, ndipo panganolo lilembedwe. Pokatenga galimoto anene mwaulemu kuti, "Bambo, ndionetseni zitsulo zimene mwacotsa, ndi bokosi la zatsopano." Makanika woona mtima sakwiya ndi mau otere. Kenaka awerame, aone ngati zizindikiro za utoto zalingana, timphete tonse talowa, ndi girizi waturuka ku tizikho. Ayende naye makanikayo pa mseu wa tala kufikira pa liwiro limene galimoto inali kunjenjemera, ndipo alipire pambuyo pace, nalandire risiti yolembedwa tsiku, nchito ndi makilomita. Pobwera ku ulendo woyamba ayesenso manati ndi sipanala.

Nchito ikapezeka yoipa, galimoto iimikidwe. Mwini wace ajambule zithunzi, asunge zitsulo zothyoka, apemphe makanika wina kuti alembe cimene waona, ndipo abwerere ku garaji yoyamba kukapempha kuti akonzenso kapena abweze ndalama. Akakana, lamulo liripo. M'Zambia lamulo la Competition and Consumer Protection Act la caka ca 2010 linena kuti wogwirira anthu nchito ya malipiro aicite mosamala ndi mwaluso, ndipo bungwe la Competition and Consumer Protection Commission lilandira madandaulo. Lirinso bwalo la Small Claims Court, kumene munthu adzinenera yekha mlandu wace popanda loya. Konseko risiti ndiyo mboni yoyamba.

Ikathyokera kuchire

Propshafiti ya kumbuyo ikathyoka kutali ndi tauni, ulendo sunathe. Woyendetsa achinge magudumu ndi miyala, amasule citsulo cothyokaco conse, aike galimoto m'giya yokoka magudumu anai, namange mahabu a kutsogolo ngati alipo. Pa Defender yakale akhome difu ya pakati. Pa magalimoto ena kucotsa propshafiti kusiya bowo lotayira mafuta a m'bokosi, ndipo bowolo liyenera kutsekedwa. Motero galimoto iyenda ndi magudumu a kutsogolo okha, pang'onopang'ono, kufikira pa garaji yapafupi. Cifukwa cace sipanala ziwiri za muyeso wa mabauti amenewa, mfundo imodzi yatsopano ndi pampu ya girizi ziyenera kulowa m'galimoto katundu wa kumudzi asanapakiridwe.